Phunziro la Lero: Sipuling'i ya Chitseko cha Galaja M'nyengo Yotentha

Khalani pansi ana inu, ndipo amene ali ndi bolopeni yodina aimasule. Tulutsani kasipuling'i kali m'katimo mukaike pachikhatho. Kafinyeni ndi zala ziwiri, kenako mukasiye. Mwaona kuti kabwerera mmene kanalili? Lero tikambirana za mkulu wake wa kameneka, sipuling'i yonenepa ngati dzanja la munthu, imene imanyamula chitseko cha galaja yosungiramo galimoto. Funso lathu ndi ili: kunja kukatentha ngati mmene kwatenthera mwezi uno wa Okutobala, sipuling'i imeneyi imaona zotani?

Zitseko zotsegukira m'mwambazi zinafala kuchokera ku America, kumene C. G. Johnson anayamba kuzipanga mu 1921, ndipo mu 1926 anawonjezerapo mota yamagetsi yotsegulira. Kuno kwathu nyumba zambiri zilibe zitseko zotere, koma musaone ngati nkhaniyi ndi yakutali. Zitseko zachitsulo zokulunga ngati mphasa, zimene eni masitolo a ku Limbe ndi ku Lilongwe amakankhira m'mwamba m'mawa uliwonse, zambiri zimabisa masipuling'i m'kati mwa mpukutu wakewo. Ena mwa inu mudzakhala amisiri okonza zimenezi, choncho tcherani khutu.

Chitseko cha galaja yolowa galimoto ziwiri chikhoza kulemera makilogalamu opitirira 100, ngati matumba awiri a chimanga. Nanga zimatheka bwanji kuti mwana wamng'ono achikweze ndi dzanja limodzi? Wonyamula katunduyo ndi sipuling'i, mwanayo amangoperekeza. Pali mitundu iwiri ya masipuling'i amenewa. Wina umakhala m'mbali mwa chitseko ndipo umagwira ntchito potanuka ngati legeni. Wina umavekedwa pa mtanda wachitsulo pamwamba pa khomo, ndipo umagwira ntchito popotoka. Chitseko chikamatsika, zingwe zawaya zimazunguza mtandawo, sipuling'i n'kumapotoka, n'kumasunga mphamvu. Munthu akamatsegula, imabweza mphamvu ija. Robert Hooke wa ku England ndiye anafalitsa lamulo la zimenezi mu 1678: mukakoka kapena kupotokola sipuling'i mowirikiza kawiri, nayo imalimbana nanu mowirikiza kawiri. Lembani mfundo iyi m'makope mwanu, tidzaifuna kumapeto: sipuling'i imakungika kwambiri pamene chitseko chili chotseka. Pamene aliyense akuganiza kuti chitseko chikupumula, m'pamene sipuling'i yasenza katundu yense.

Tsopano tibwere ku dzuwa. Anthu ambiri sipuling'i ikaduka m'chilimwe amati dzuwa lafewetsa chitsulo. Tiyeni tiyese mawu amenewa ndi masamu. Ku Phoenix, m'chigawo cha Arizona ku America, kumene nyumba zambiri zili ndi zitseko zotere, mu 2023 kunatentha madigiri 43 kapena kupitirira apo kwa masiku 31 otsatizana. Kuno kwathu anthu a ku Chikwawa ndi ku Nsanje amakudziwa bwino kutentha kopitirira madigiri 40. M'galaja ya malata yotsekedwa kumatentha kuposa panja. Komatu waya wopangira masipuling'i amaukhwimitsa kufakitale pa moto wa madigiri mazanamazana. Chitsulo chimene chinapsa pa moto wotero sichingafewe ndi madigiri 50 kapena 60. Mphamvu yake yobwerera imatsikako ndithu kukatentha, koma pang'ono kwambiri, moti dzanja lanu silingamve kusiyana.

Nanga kufutukuka kwa chitsulo kumene tinaphunzira teremu yatha? Chitsulo chotalika mita imodzi chimawonjezeka mamilimita 0.012 pa digiri iliyonse. Tengani njanji ya chitseko yotalika mamita awiri, imene m'mawa inali pa madigiri 20 ndipo masana yafika pa 50. Chulukitsani 0.012 ndi 30, kenako ndi 2. Mwapeza zingati? Mamilimita 0.72, osakwana ndi milimita imodzi yomwe. Kufutukuka masana ndi kubwerera usiku tsiku ndi tsiku, kuphatikizapo kugwedezeka kwa chitseko, kukhoza kukhwefula mabawuti pakapita nthawi, n'chifukwa chake mmisiri wabwino amayendera mabawuti onse ndi sipanala. Koma sikungadule sipuling'i.

Chimene chimadula sipuling'i anyamata inu mumachidziwa kale, ngakhale simunachitchule dzina. Mukamapanga galimoto zawaya mulibe pulayala, mumadula bwanji waya? Mumaupinda uku, kuupinda uko, kubwerezabwereza pamalo amodzi, mpaka malowo atenthe m'zala, kenako thyo! Simunagwiritse ntchito mphamvu zambiri. Mwautopetsa wayawo. Akatswiri amati kumeneku ndi kutopa kwa chitsulo. August Wöhler, injiniya wa njanji wa ku Germany, anafufuza zimenezi m'zaka za m'ma 1850 ndi 1860 pofuna kudziwa chimene chinkathyola mitanda ya mawilo a sitima. Anaona kuti katundu wochepa, amene sangathyole chitsulo ulendo umodzi, amachithyola ndithu akamabwera n'kuchoka maulendo ambirimbiri.

N'chifukwa chake moyo wa sipuling'i amauwerengera m'maulendo. Kutsegula ndi kutseka kamodzi ndi ulendo umodzi, ndipo sipuling'i wamba imapangidwa kuti ipirire maulendo pafupifupi 10,000. Pakhomo pamene amatsegula kanayi pa tsiku, gawani 10,000 ndi 4, mupeza masiku 2,500, zomwe ndi zaka pafupifupi zisanu ndi ziwiri. Pamene amatsegula kasanu ndi katatu pa tsiku, zakazo zimadulidwa pakati.

Apa m'pamene ndikufuna mundimvetsetse, chifukwa dzuwa lija lili ndi mlandu wake ndithu, kungoti limalowera khomo lina. Mng'alu wa chitsulo chotopa suyambira paliponse. Umafuna poyambira, kaya ndi pokalika, kaya ndi kadzenje kakang'ono kodyedwa ndi dzimbiri pakhungu la waya. Ukayamba, umakula pang'onopang'ono ulendo uliwonse, paja tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Chimene chimateteza khungu la wayawo ndi mafuta. Tsono kukatentha mafuta amasungunuka, amayenderera pansi, otsalawo n'kuuma. Mphepo ya chilimwe imabwera ndi fumbi, fumbilo n'kumatirira pa girizi wotsalayo mpaka kusanduka phala lokhakhala ngati mchenga. Mizere ya sipuling'i ikamakhuzana potsegula ndi potseka, phala limenelo limapala waya. Kenako mvula yoyamba imagwa mu Novembala kapena Disembala, chinyontho n'kupeza chitsulo chili pamtunda popanda chofunda, ndipo dzimbiri limathamanga kwambiri pamalo ofunda ndi onyowa. Sipuling'i imene ikanatha zaka zisanu ndi ziwiri imaduka nthawi yake isanakwane.

Tsiku lina ndinaima pakhonde la sitolo m'mawa, mnyamata wogwira ntchito pamenepo akutsegula chitseko chokulunga. Anachigwira ndi manja awiri, kuikapo ndi phewa lomwe, chitseko chikulira kwee, kwee, fumbi lofiira likuyoyokera m'tsitsi mwake. Fumbi lofiira lija linali losakanikirana ndi dzimbiri. Chinandiwawa n'chakuti mnyamatayo anali atazolowera, ankangoona ngati ndi mmene chitseko chimakhalira. Chitseko chosamalidwa sichilira choncho, ndipo sichifuna phewa la munthu.

Ngati chitseko ndi chamatabwa, palinso china. Matabwa amauma n'kupepuka m'chilimwe, m'dzinja amamwa madzi n'kulemera, pamene sipuling'i inakungidwa molingana ndi kulemera kumodzi.

Kusamala kwake sikovuta. Kutentha kusanafike, ndiponso mvula isanayambe, mwini nyumba apukute fumbi ndi kansanza kouma, kenako apopere mafuta a silikoni kapena girizi woyera wa lithium pa sipuling'i, pa mahinjesi ndi pa mabelingi a timawilo. Mafutawo akhale ochepa, ongokwanira kunyowetsa, ndipo otsala awapukute. Oyilo wakuda wochotsedwa mu injini ndimaletsa, chifukwa amadontha komanso amaitana fumbi. M'njanji mmene mumayenda timawilo musamaikidwe girizi, mumangofunika kupukuta.

Pali mayeso amodzi amene ndimawakonda chifukwa safuna chida chilichonse. Chitseko chili chotseka, mwini wake achilumule ku mota pokoka kachingwe kofiira kamene kamalendewera pamwamba, kenako achikweze ndi manja mpaka m'chiuno n'kuchisiya mosamala, mapazi ali patali. Chikaima pomwepo, sipuling'i ndi chitseko zikugwirizana. Chikatsetserekera pansi, sipuling'i yafooka. Chikathawira m'mwamba, yakungika mopitirira. Mota ndi imene imabisa vutoli m'nyumba zambiri, chifukwa imangokoka chitseko cholemeracho osadandaula, mpaka nayo kupsa. Mwini wake ayang'anenso ndi maso: mawanga a dzimbiri, zingwe zawaya zoyamba kunyenyeka, kapena mpata pakati pa mizere ya sipuling'i. Mpata wolowa zala ziwiri kapena zitatu ukutanthauza kuti yaduka kale, ndipo chitseko chimenecho chisatsegulidwenso mpaka atakonza. Kawirikawiri eni nyumba amakumbukira kuti anamva phokoso ngati la mfuti m'galaja. Pamene pali masipuling'i awiri, imodzi ikaduka ndi bwino kusintha onse, popeza ayenda maulendo ofanana. Masipuling'i otanuka a m'mbali aja ayenera kukhala ndi chingwe chawaya chodutsa m'kati mwake, kuti akaduka zidutswa zisauluke n'kuvulaza munthu.

Bwererani ku mfundo ija munalemba poyamba. Pa chitseko chotalika mamita awiri ndi pang'ono, mmisiri amapotokola sipuling'i maulendo asanu ndi awiri ndi theka kapena chapompo, pogwiritsa ntchito ndodo ziwiri zachitsulo zopangidwira ntchito imeneyo. Mphamvu yonse yonyamula matumba awiri a chimanga aja imakhala itagwidwa ndi timabawuti tiwiri tokha pa mtanda. Munthu akamasula timeneto popanda ndodo zoyenera, chitsulo chimazungulira mwaliwiro losati n'kuliona ndi maso, ndipo chikhoza kuthyola zala, nsagwada, ngakhale kuchotsa moyo. Mabawuti a pansi pa chitseko, pamene pamangiriridwa zingwe zawaya, nawonso ndi oopsa chimodzimodzi.

Ana inu, ndikudziwa kuti ena mwa inu manja anu sakhala chete, mumamasula wailesi ndi njinga kunyumba, ndipo ine zimenezo zimandisangalatsa. Koma pa ichi ndikukupemphani ndi mtima wonse. Kupukuta, kupopera mafuta, kumvetsera ndi kuyang'ana, zimenezo chitani. Mukamva chitseko chikulira kapena mukaona dzimbiri, auzeni eni ake aitane mmisiri wodziwa ntchitoyi mvula isanagwe. Sipanala yanu isafike pa sipuling'i yokungika. Bwezerani timasipuling'i tanu m'mabolopeni, mutsegule makope tiwerengere limodzi maulendo a chitseko chotsegulidwa kasanu ndi kamodzi pa tsiku.