Chikwangwani Chokanda

Kodi munaonapo munthu akukanda khadi la mayunitsi a foni? Poyamba pakhadipo pamaoneka potuwa, koma akangopala ndi chikhadabo kapena ndi ndalama yachitsulo, manambala amene anabisika aja amatulukira. Lero tiphunzira kupanga chikwangwani choitanira anthu ku kanema pogwiritsa ntchito nzeru yomweyi.

Kanema amene tasankha ndi The Boy Who Harnessed the Wind, amene anatuluka m'chaka cha 2019. Amasimba za William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu. Iyeyu ali ndi zaka 14 anapanga makina otulutsa magetsi ndi mphamvu ya mphepo. Anagwiritsa ntchito mitengo ya bulugamu, zitsulo za njinga ndi zina zimene anatola kotaya zinthu. Makina amenewa ndiwo tijambule pa chikwangwani chathu.

Pezani pepala lolimba, makrayoni amitundumitundu, penti wakuda wosungunula ndi madzi, sopo wamadzi wotsukira mbale, burashi ndi kamtengo kosongola. Pepala la m'kope siliyenera chifukwa limang'ambika msanga. Katoni yoyera mbali imodzi ndiyo yabwino.

Ntchito yoyamba ndiyo yotopetsa, ndipo ana ambiri amalakwa pomwepa. Pakani makrayoni papepala lonse, apa ofiira, apo achikasu, pena obiriwira. Sankhani mitundu yowala, pakuti yoderapo sioneka bwino pakati pa penti wakuda. Muzidinikiza kwambiri kufikira pepalalo litayamba kuterera mukaligwira. Musasiye mpata ngakhale waung'ono ngati njere ya mapira. Dzanja likatopa, pumulani ndi kuyambanso.

Nanga n'chifukwa chiyani tikulimbikira chotere? Makrayoni amapangidwa ndi phula, monga makandulo, ndipo phula silimwa madzi. Penti akagwera paphula amangokhala pamwamba, choncho amachoka mosavuta tikamakanda. Koma akagwera pamene palibe phula, amalowerera m'pepala. Pamenepo mungakande mpaka kuboola, osaona mtundu uliwonse.

Phula lomweli lili ndi vuto lakenso. Penti wamadzi akapakidwa paphula amathawa, nasonkhana m'timadontho ngati mame pa tsamba la nthochi. Apa ndiye pofunika sopo. Thirani supuni imodzi ya sopo m'masupuni awiri a penti, ndipo mutakase pang'onopang'ono kuti pasachite thovu. Sopo amathandiza penti kuyala bwino paphula. Pakani pepala lonse, mulisiye liume. Ngati mitundu ikuonekerabe, pakaninso kachiwiri. Kumene kulibe penti, krayoni wakuda amagwira ntchito yomweyi, ngakhale kuti amatha msanga.

Musafulumire kukanda. Penti wosauma amamatirira kukamtengo ndi kuipitsa chithunzi. Mukapaka lero, ndi bwino kudzakanda mawa. Podikirapo, jambulani chithunzi chanu ndi pensulo papepala lina kuti muone pokhala dzina la kanema, pokhala makina aja, ndi polemba tsiku ndi malo oonetsera kanemayo.

Tsopano tengani kamtengo kanu. Yambani ndi dzina la kanema, ndipo malembo ake akhale aakulu kuti munthu woima patali awerenge. Werengani malembowo musanayambe, kuopa kuti malo angakuthereni dzina lisanathe. Kenaka jambulani nsanja ya mitengo, mapiko ozungulira ndi babu loyaka. Nsonga ya kamtengo imatulutsa mizere yopyapyala. Mukafuna malo aakulu owala, palani ndi chogwirira cha supuni. Mukalakwitsa musadandaule. Pakanipo penti pang'ono, mudikire aume, ndi kukandanso.

Luso lotere si lachilendo kwa ife. Amayi oumba miphika amalemba mizere yokongola ndi kamtengo dothi lisanaume. Funsani agogo anu akuonetseni mizere imeneyi pa mtsuko wa kwanu, mwina mungaigwiritse ntchito pokongoletsa m'mphepete mwa chikwangwani chanu.

Mafunso

1. N'chifukwa chiyani pepala la m'kope siliyenera pa ntchito imeneyi?
2. Chimachitika n'chiyani penti akagwera pamene palibe phula?
3. Fotokozani ntchito ya sopo m'penti.
4. Pangani ziganizo ndi mawu awa: kudinikiza, kulowerera, kutakasa.