TOM ROLT NDI INJINI YOKALAMBA YA KU TALYLLYN

Ku dziko la Wales, kumadzulo kwa England, kuli mudzi wa m'mbali mwa nyanja dzina lake Tywyn. Kuchokera pamudzipo kanjanji kakang'ono kakwera m'chigwa kulinga kumapiri, ulendo wa mailosi 7. Njanjiyo ndi yopapatiza; pakati pa zitsulo zake ziwiri pali mapazi 2 ndi mainchi 3 okha. Anaimanga m'chaka cha 1865 kuti inyamule miyala ya sileti ya ku mgodi wa Bryn Eglwys. Miyala yotere ndiyo imene anthu afolera nayo nyumba kumeneko, ndiponso imene ana a sukulu ankalembapo. Dzina la njanjiyo ndi Talyllyn.

Panjanjipo panali injini ziwiri za nthunzi, ina Talyllyn, inzake Dolgoch. Injini yotere idya malasha, nimwa madzi. Moto wa m'ng'anjo uwiritsa madzi m'chimphika chachikulu chachitsulo. Nthunzi, posowa potulukira, ikankha chitsulo chimene chiyenda uku ndi uku m'kati mwa mtondo wake, ndipo chitsulocho chizungulitsa magudumu. Koma moto ndi madzi zidya chitsulo pang'ono ndi pang'ono, ndipo chimphika chosasamalidwa chikhoza kuphulika ndi kupha anthu. Chifukwa chake injini ifuna mmisiri wa maso ndi wa khama.

M'chaka cha 1946 mgodi uja unagumuka, ndipo ntchito ya sileti inatha. Mwini njanji, Sir Henry Haydn Jones, anali atanena kuti sitima siidzaleka kuyenda iye ali ndi moyo, nasunga mau ake. Koma ndalama zokonzera zinthu zinasowa. Mitengo yoyala pansi pa njanji inaola, udzu unamera nukwirira zitsulo, ndipo injini ya Talyllyn inatheratu mphamvu, niikidwa m'nyumba. M'chaka cha 1950 mwiniyo anamwalira. Pamenepo anthu anayesa kuti njanji idzazulidwa, ndi injini zidzagulitsidwa monga zitsulo zakutha.

Tsono kunali munthu wina dzina lake Tom Rolt, wobadwira ku Chester m'chaka cha 1910. Iye anasiya sukulu ali ndi zaka 16 kukaphunzira umisiri wa makina a nthunzi, ndipo pambuyo pake anaphunzira pa Kerr Stuart, nyumba yopanga injini za sitima ku Stoke-on-Trent. Kumeneko manja ake anazolowera nyundo ndi tupa, ndi makutu ake anaphunzira kuzindikira injini yodwala pakumva kulira kwake. Iye sanafune kuti ntchito yokoma ya amisiri akale itayike. Koma anadziwa kuti mutu umodzi susenza denga. Potero iye ndi anzake anaitana msonkhano ku Birmingham pa 11 October 1950, napangana kuti adzasonkha ndalama ndi kugwira ntchito panjanjipo ndi manja awo, osalandira malipiro.

Ambiri anakayika, pakuti chinthu chotere sichinachitikepo ndi kale lonse pa dziko lapansi. Kodi alembi a m'maofesi ndi ogulitsa m'sitolo angathe kuyendetsa sitima? Koma a banja la mwini uja anavomera kupereka njanji m'manja mwawo. Pa 14 May 1951 sitima yawo yoyamba inanyamuka ku Tywyn kunka ku Rhydyronen, ndipo Tom Rolt ndiye anaikidwa kukhala woyang'anira.

Chaka chimenecho chinali cha mavuto. Iwo anagula injini zina ziwiri za ku njanji ya Corris, imene inali itatsekedwa, pa mtengo wa mapaundi 25 iliyonse. Imodzi anaitcha Sir Haydn. Koma poyesa kuiyendetsa inkagwa pakati pa zitsulo, popeza njanji yakale inali itatanuka. Inzake anaitcha Edward Thomas; imeneyo inapangidwa pa Kerr Stuart pomwe paja, koma inafuna kukonzedwa kwambiri isanagwire ntchito. Kotero katundu yense anatsala pa Dolgoch yekha, injini ya chaka cha 1866, imene inali ndi zaka 85.

Dolgoch akadafa chaka chimenecho, sitima ikadaima, ndalama za aulendo zikadaleka, ndi pangano lonse likadapita pachabe. Rolt anadziwa ichi bwino. Iye sanakhale m'ofesi ndi kulamula kokha, iai. Masiku ena anakwera yekha pa injini, naiyendetsa pang'onopang'ono monga munthu atsogolera nkhalamba pa njira ya miyala. Chikathyoka chinthu, iye ndi anzake anachikonza msanga kuti sitima ya mawa isalephere. Ena anachotsa udzu panjanji, nasintha mitengo yoola. Ndipo Dolgoch anapirira kufikira nyengo ya aulendo inatha.

M'chaka cha 1952 Edward Thomas anabwera kuchokera ku Leeds atakonzedwa, ndipo nkhalamba ija inapeza mnzake woithandiza. Pakutha pa chakacho Rolt anatula udindo wake, nalemba mbiri ya zaka ziwirizo m'buku lotchedwa Railway Adventure, limene linatuluka m'chaka cha 1953. Anthu a kwina, poona kuti chinthucho chitheka, anachita chimodzimodzi: njanji ya Ffestiniog inayambanso kunyamula anthu m'chaka cha 1955, ndi ya Bluebell m'chaka cha 1960.

Tom Rolt anamwalira m'chaka cha 1974. Anzake sanamuiwale. M'chaka cha 1991 anatsiriza kumanga injini ina m'nyumba yawo ya ntchito ku Tywyn, naitcha Tom Rolt. Dolgoch nayenso analandira chimphika chatsopano m'chaka cha 2011, kuti akokenso ngolo m'chigwa chomwecho.

Ana inu, taganizani za munthu ameneyu. Injiniyo sinali yake, ndipo sanaipange ndiye. Anaipeza yokalamba, naisamala kuti obadwa m'mbuyo aione ili yamoyo. Kutaya chinthu chakutha nkwapafupi. Kuchikonza kufuna nzeru ndi chipiriro. Khasu, njinga, benchi la m'sukulu, zonsezi zikhalitsa m'manja mwa munthu wosamala.

MAFUNSO

1. Kodi njanji ya Talyllyn anaimangira chiyani?
2. Fotokozani umo nthunzi iyendetsera injini.
3. Chifukwa ninji Dolgoch anagwira ntchito yekha m'chaka cha 1951?
4. Tchulani chinthu chimodzi chakale cha kwanu chimene mungathe kuchikonza.