Kuona ndi kulemba za agulugufe ku Chonde: zoyenera ndi zosayenera

Anthu ambiri amadziwa Chonde chifukwa cha mwambo wa Mulhako wa Alhomwe umene umachitika mu Okutobala. Mwambo ukatha, mvula ikayamba mu Novembala, minda ndi madambo zimadzaza agulugufe mpaka cha mu Meyi. Buku la David Gifford lotchula agulugufe a m'Malawi linatuluka mu 1965, ndipo kuchokera nthawi imeneyo nkhalango zambiri zasanduka minda. Tikufunika anthu olemba zimene zikuuluka lero. Aphunzitsi ndi ana a makalabu a zachilengedwe, izi ndi zanu.

Zoyenera: Tulukani dzuwa likakwera, mame atauma. Gulugufe amadikira kuti thupi lifunde asanauluke, ndipo nthawi imeneyo amakhala atatambasula mapiko pa tsamba, osavuta kumujambula.
Zosayenera: Musataye nthawi tsiku la chiperoni. Mudzangonyowa.

Zoyenera: Yambirani pakhomo panu. Pa mtengo wa mandimu kapena malalanje mumabwera gulugufe wamkulu wakuda wa mawanga achikasu, Papilio demodocus, kudzaikira mazira, ndipo mbozi yake ikadali yaing'ono imaoneka ngati chitosi cha mbalame. M'munda wa nandolo muli kagulugufe kobiriwira ngati thambo, Lampides boeticus, kamene mbozi zake zimadya maluwa ndi nyemba zanthete. Pamchenga wonyowa m'mbali mwa mtsinje wa Thuchila agulugufe amaunjikana kuyamwa mchere, ambiri a iwo aamuna.
Zosayenera: Musaganize kuti ofunika ndi a kuphiri okha. N'zoona kuti m'nkhalango za phiri la Mulanje muli mitundu yosowa monga Cymothoe melanjae ndi Charaxes margaretae, ndipo akatswiri amapita kukaifuna. Koma wa m'munda wa nandolo alibe womuwerenga, chonsecho ndi iye amene angatiuze msanga ngati mankhwala opopera mbewu achuluka.

Zoyenera: Lembani tsiku, nthawi, mudzi, mmene kunja kunachera, chomera chimene gulugufe anaterapo ndi chiwerengero cha agulugufewo. Kope la sukulu ndi pensulo n'zokwanira; inki imafufutika ikanyowa. Sankhani njira imodzi, kaya yopita kuchigayo kaya kudimba, muziyenda yomweyo sabata iliyonse pa nthawi yofanana. Tsiku limene simunaone kanthu lembaninso choncho, pakuti nayonso ndi nkhani.
Zosayenera: Musadalire mutu. "Chaka chatha analipo ambiri" si umboni. Namondwe wa Freddy atasakaza Mulanje ndi Phalombe mu Malichi 2023, amene akanatha kunena mmene agulugufe anachepera kapena kubwerera ndi munthu amene anali ndi kope la zaka zam'mbuyo.

Zoyenera: Jambulani pa foni mapiko kumtunda ndi kunsi komwe, chifukwa mitundu yambiri imasiyana kunsi. Yandikirani pang'onopang'ono, chithunzithunzi chanu chisamugwere. Ngati muli ndi bandulo, ikani chithunzicho pa iNaturalist, pomwe odziwa amathandiza kupeza dzina.
Zosayenera: Musamugwire mapiko. Fumbi lotsala m'zala lija ndi mamba ake, ndipo samameranso.

Zoyenera: Mukakayika, lembani zimene maso aona: "wachikasu, m'mphepete mwakuda, wamkulu ngati chikhatho cha mwana."
Zosayenera: Musathamangire kutchula dzina. Precis octavia amasokoneza ngakhale ozolowera: wobadwa m'dzinja amakhala wofiirira ngati lalanje, wobadwa m'chilimwe amakhala wakuda mosakanikirana ndi buluu, koma ndi mtundu umodzi. Musasokonezenso gulugufe ndi kadziwotche. Tinyanga ta gulugufe timathera ndi kamutu, pamene ta kadziwotche timangosongoka kapena timakhala ngati nthenga.

Zoyenera: Ikani nthochi yovunda kapena mango akugwa okha pamthunzi. Agulugufe amphamvu a mtundu wa Charaxes sakonda maluwa. Amatsata zipatso zosasa, utomoni wa mitengo, ngakhale ndowe.
Zosayenera: Musadzale lantana pofuna kuwakopa. Amamukondadi, koma chitsambachi chikamera chimalanda malo a zomera zathu, zomwe mbozi zimadya.

Zoyenera: Pemphani musanalowe m'munda wa munthu kapena m'esiteti ya tiyi. Mitengo yachilengedwe yambiri yatsala kumanda, ndipo agulugufe amakhalako, koma kumeneko ndi kwa amfumu; imani m'mphepete. Mukafuna kukwera phiri, dzerani ku ofesi ya zankhalango ku Likhubula, mutenge wokuperekezani.
Zosayenera: Musaphe gulugufe kuti mumusunge m'buku, ndipo musatole kanthu m'nkhalango ya boma popanda chilolezo. Nkhalango ya phiri la Mulanje ndi yotetezedwa kuyambira 1927, ndipo mu 2025 bungwe la UNESCO linaika phirili pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse.

Aphunzitsi, kope limeneli lizikhala ku ofesi ya sukulu, kuti a Sitandade 8 akachoka, otsatira apitirize pa tsamba lomwe anzawo analekezera.