Phunziro 14: Mutu Ukuwawa Motani?

Mnyamata wina wa ku Fonte Boa anamanga thumba la mbatata ya kacewere pa njinga. Potsika citunda njinga inaterereka. Iye anagwa namenyetsa mutu pa mwala. Magazi sanatuluke, koma m'mawa mwake mutu unayamba kuwawa.

Amai ake anapita naye ku cipatala. Namwino anafunsa kuti: "Mutu ukuwawa motani?"

"Ukuwawa ndithu," anayankha mnyamatayo.

Yankho lotere silithandiza kwenikweni. Cimanga cimayezedwa pa sikelo. Kutentha kwa thupi kumayezedwa ndi kacipangizo koika m'khwapa. Nanga ululu? Ululu ulibe sikelo. Amaudziwa ndi mwini mutu yekha.

Namwino analemba mzere wa manambala, kuyambira 0 mpaka 10. Anati 0 ndiye kuti palibe ululu, ndipo 10 ndi ululu woposa wina uliwonse. Mnyamatayo analoza 7. Atabwerako Lacisanu analoza 4, ndipo namwino anadziwa kuti akupeza bwino. Ana osadziwa manambala amaonetsedwa nkhope zisanu ndi imodzi, kuyambira yomwetulira mpaka yolira. Nkhopezi anazikonza ndi Donna Wong ndi Connie Baker ku America m'caka ca 1983.

Nambala ya munthu mmodzi sifanizidwa ndi ya mnzake. 5 wa agogo si 5 wa mdzukulu. Cofunika ndi kufaniza nambala ya lero ndi ya dzulo ya munthu yemweyo.

Apa pali vuto. Ubongo ukagwedezeka, munthu amaiwala msanga. Za dzulo sazikumbuka bwino. Ndiye afunsidwe za ululu wa tsopano lino, ndipo m'bale wake alembe nambala m'kope m'mawa ndi madzulo. Anyamata ena amachula nambala yocepa poopa kusekedwa, ati mwamuna salira. Amangodzicedwetsera thandizo.

Mutu wobwera cifukwa ca kuvulala umayamba masiku 7 asanathe. Kwa ambiri umaleka. Ukapitirira miyezi 3, madokotala amati wakhalitsa, ndipo kope lija limawathandiza posankha mankhwala.

Koma nthawi zina manambala salindiridwa. Wovulala akamasanza kawirikawiri, akamangogona osadzuka bwino, akakomoka, akamalankhula zosokonekera, kapena madzi ndi magazi zikamatuluka m'khutu kapena m'mphuno, apite naye ku cipatala nthawi yomweyo, ngakhale usiku. Mwina magazi akukha m'kati mwa mutu. Ku cipatala caching'ono angamtumize ku Ulónguè kapena ku Tete. Asapatsidwe asipirini, cifukwa amaonjezera kukha kwa magazi.

Nchito

1. Lembani mzere wa 0 mpaka 10 m'kope mwanu. Jambulani nkhope pa 0, pa 6 ndi pa 10.
2. N'cifukwa ciani wovulala m'mutu safunsidwa za ululu wa dzulo?
3. Mwana analoza 3 m'mawa ndi 8 madzulo, ndipo wasanza kawiri. Makolo ake acitenji?