Kodi damu la Kariba lingagumuke?

Funso: Akatswiri, mwana wanga amapha kapenta ku Siavonga, ndipo mphekesera zoti chipupa cha Kariba chingagumuke zikundisowetsa tulo. Kodi alipo amene amachiyang'anira? Ndine mayi wa ku Chipata.

Yankho: Alipo, mayi. Ndi bungwe la Zambezi River Authority, lomwe maboma a Zambia ndi Zimbabwe adakhazikitsa mu 1987.

Mphekeserazo zili ndi gwero lake. Chipupa cha konkirechi, chotalika mamita 128, chidatha kumangidwa mu 1959. Madzi otuluka pa zipata zake zisanu ndi chimodzi ankagwa mwamphamvu mpaka adakumba m'thanthwe dzenje lakuya mamita pafupifupi 80, lomwe linkayandikira maziko. Chipupacho chikadagwa, tsoka likadagwera makamaka okhala kumunsi kwa mtsinje, mpaka ku damu la Cahora Bassa ku Mozambique. Ntchito yokonza idayamba mu 2017: adaphwanya miyala kukulitsa dzenjelo cha kumunsi kuti mphamvu ya madzi izithera kutali ndi maziko, ndipo mbali imeneyi idatha mu 2024. Zipata nazonso zidaikidwa m'ntchito yomweyo, poti konkire ya chipupachi idatupa pang'onopang'ono n'kuyamba kuzipanikiza.

Ine chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi chilala. Mu 2024 nyanja ya Kariba idaphwa kwambiri, madzi opangira magetsi n'kuchepa, magetsi ku Zambia n'kumazima maola ambiri tsiku lililonse.