Kapitawo watsopano ayambire pati?

FUNSO: Mnyamata wina wa ku Santhe wakwezedwa kukhala kapitawo pa esiteti ya fodya, koma ena mwa antchito ake ndi amsinkhu wa bambo ake. Awatsogolere bwanji?

YANKHO: Ayambe ndi kufunsa nzeru. Akuluakuluwo amadziwa tsamba lokhwima komanso kasankhidwe ka fodya wa bale, ndiye aziwamvera asanagawe ntchito. Wolakwa azimudzudzulira pambali, osati m'chigafa anzake akumva.

M'mawa uliwonse aliyense azidziwa gawo lake: wothyola, wosoka, wosankha, wodinda mabelo. Kapitawo azilemba masiku ndi ntchito ya aliyense m'kaundula, chifukwa mikangano ya malipiro imabuka fodya akagulitsidwa ku Chinkhoma.

Adziwenso malamulo. Lamulo la zantchito la 2000 limaika malire a maola 48 pa sabata, limaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14, ndipo limati wantchito amvedwe kaye asanachotsedwe chifukwa cholakwa. Utenanti unathetsedwa mu 2021.

Akakayika, apite ku ofesi ya zantchito ku Kasungu akafunse asanachotse munthu ntchito.