Phunziro 4: Kuyamikira chojambula cha inki cha Henri Matisse

Zolinga

Pomaliza phunziroli mudzatha:
- kusiyanitsa zimene maso aona ndi zimene mtima waganiza
- kuthandiza ophunzira kupereka umboni wa maganizo awo

Chiyambi

Henri Matisse (1869–1954) anali katswiri wojambula wa ku France. Mu 1941 anachitidwa opaleshoni yaikulu ku Lyon, ndipo kuyambira pamenepo nthawi zambiri ankagwira ntchito ali pabedi kapena pampando. Mu 1948 anajambula kambirimbiri nkhope ya mkazi wina, Nadia Sednaoui, ndi bulashi yoviika mu inki yakuda. Pezani chimodzi mwa zojambulazi m'buku kapena pa intaneti musanapitirire.

Kuyang'ana chojambulacho

Mulibe utoto wamitundumitundu, mulibenso mthunzi. Nkhope yonse ndi mizere yowerengeka, ndipo pepala loyera ndilo khungu lake. Pamene bulashi anaikanikiza, mzere ndi wonenepa. Pamene anainyamula, ndi wowonda. Inki sifufutika, choncho mzere uliwonse anayenera kuulingalira asanaulembe.

Musanyengedwe ndi kuchepa kwa mizereyo. Buku lake la Thèmes et variations, lomwe linatuluka mu 1943, likuonetsa m'mene ankagwirira ntchito: ankayamba ndi makala, kujambula ndi kufufuta kwa nthawi yaitali, kenako n'kujambula munthu yemweyo mofulumira ndi mizere yokha.

Kufunika kwake m'kalasi

Ophunzira ambiri akapatsidwa chithunzi amangoti "ndi wokongola" kapena "wakhumudwa", basi. Akafika pa ndakatulo amachitanso chimodzimodzi, ndipo pa mayeso amaluza malikisi chifukwa chosowa umboni. Chojambula cha mizere yochepa chimathandiza chifukwa umboni wonse uli poyera, ndipo wophunzira angauloze ndi chala.

Ntchito

1. Ophunzira ayang'ane chojambulacho mwakachetechete kwa mphindi ziwiri.
2. Alembe ziganizo zitatu zoyamba ndi "Ndikuona", zotchula mizere ndi maonekedwe ake okha.
3. Alembe chiganizo chimodzi chotere: "Ndikuganiza kuti... chifukwa..."
4. Awiriawiri afananize mayankho awo. Akasiyana maganizo, aliyense aloze mzere umene ukumuikira kumbuyo.

Yesani ntchitoyi m'chiyankhulo chimene mumaphunzitsa. Lembani mawu amene ophunzira anasowa pofotokoza, ndipo muwagwiritse ntchito pokonza phunziro lotsatira.